Pamene Anasiyira Tepi

Make Tsabola sanali munthu wosunga zinthu zopanda ntchito. Mwamuna wake atamwalira pa ngozi ya lole imene ankayendetsa, mwezi sunathe: malaya anagawa, nsapato anapatsa mlonda wa pageti, jekete lokhuthala lija analidula n'kusokera mwana kabulangete. Amayi a m'zipinda zoyandikana ankanong'onezana pa mpope kuti ameneyu mtima wake ndi wouma. Iye akamva ankangoti, "Nanga malayawo azivala okha?"

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sanachikhudze. Pakatebulo ka pakona, pansi pa TV, panali deki yakale yoonetsera matepi a vidiyo, yofunditsidwa kansalu koyera. Zaka ziwiri zathunthu ankangoipukuta fumbi pamwamba. M'kati mwake munali tepi, ndipo tepiyo inali pamalo penipeni pamene mwamuna wake anaiimitsira.

Bambo a Tsabola ankakonda mafilimu akalekale aja a malupanga, mahatchi ndi zilombo, amene anthu ena onse anawataya mafoni atabwera. Akafika ku ulendo ankakhala pansi, msana atatsamira bedi, maso pa TV. Mkazi wake, amene ntchito yake inali yochapa ndi kusita zovala za anthu, ankakhala kumbuyo ndi simbi yake, pakamwa posapuma.

"Chilombo chanucho chili ndi zipi kumsana."

"Si zipi imeneyo. Ndi chipsera cha nkhondo."

"Nanga mwala uwo? Wamugwera pamutu n'kunjanja ngati siponji."

"Mutu wake ndi wolimba. Sita malaya, mayi, nkhondo utisiyire eni ake."

"Ndiye mkazi uyo chiyambireni akungokuwa. Manja ali nawo awiri, chingwe anam'manga nachocho n'cholendewera. Akudikira ndani?"

"Akudikira ine," ankatero mwamunayo, osacheuka.

Chiyankhulo cha m'mafilimumo onse awiri sankachimva bwino. Mwamunayo ankangoikamo mawu ake, ndipo tsiku lililonse ankawasintha. Lero mfumu ya ndevu ikulengeza nkhondo, mawa mfumu yomweyo, pamalo pomwepo, ikudandaula kuti m'mimba mukuwira.

M'mawa womaliza uja, hutala ya lole inalira panja filimu ili m'kati. Mwamunayo anadzuka, n'kudina batani. Make Tsabola anaponyako diso kamodzi chithunzi chisanazime: amuna atatu pa mahatchi akudutsa pansi pa mtengo wouma pamwamba pa phiri, hatchi yoyera ili pambuyo.

"Usaibweze," anatero akuvala nsapato. "Ndidzapitirizira pomwepo."

"Ndani ali ndi nthawi yogwira zidole zanuzo?"

Mawu awo omaliza anali amenewo.

Tsiku lina Lachinayi foni inalira. Anali alamu ake, achimwene a malemuwo. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za mwana, za mvula, kenako anafika pa nkhani. Deki ija inali yawo, anangom'bwereka mng'ono wawoyo. Tsopano akazi awo apeza tepi ya ukwati wawo m'sutikesi ndipo sakugona nayo tulo. Abwera Loweruka, cha m'ma folo masana.

"Palibe vuto, alamu. Ndi yanu," anayankha make Tsabola. Zinali zoona, ndipo iye sankakangana ndi zoona.

Deki ipite, koma tepi itsale mmene ilili. Anachotsa kansalu kaja, analumikiza waya kumagetsi, n'kudina batani lotulutsira. Dekiyo inalira ngati munthu wotsamwa, n'kukhala chete. Anadinanso. Chimodzimodzi. Anatenga supuni kuti atokose pakamwa pa dekiyo, koma dzanja linaima lokha. Lachisanu m'mawa anaikulunga m'nsalu n'kuinyamula.

Wokonza mawailesi wa mumsewu wawo anthu ankamutchula a Fyuzi. Kashopu kawo kanali kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi omata matayala, kodzaza mawailesi otumbulidwa, konunkha waya wopsa. A Fyuzi anatsitsa magalasi pamphuno.

"Izi zikadalipo? Ine ndimayesa zonse zinapita kudzala."

"Mungonditulutsira tepi ili m'katimo."

"Lamba wake ndiye watha, ndikumva ndi kulemera komwe. Bwerani mawa m'mawa."

Make Tsabola anafuna kuwonjezerapo mawu. Koma kumbuyo kwake kunali mtsikana wa foni yosweka akutafuna chingamu, ometa tsitsi nawo anali atasuzumira pakhomo. Akanati chiyani? Kuti iye, amene anadula jekete la mwamuna wake ndi sizasi maliro asanazizire, akusunga malo pa tepi ya chilombo cha zipi?

"Kungotulutsa basi," anabwereza, n'kutuluka.

Loweruka anapeza deki ikuwala pa kauntala, tepi ili pamwamba pake. A Fyuzi anali akumwetulira ngati namwino woonetsa khanda.

"Lamba ndaikamo wina. M'kati ndapukuta monse, munali mphemvu zokwana mudzi. Tepi yanuyi inayamba nkhungu, ndiye ndaiyendetsa mpaka kumapeto n'kuibweza. Pano chinthu sichituluka ndisanachiyese, mayi, chiyambireni ntchito imeneyi. Komanso tepi saisiya pakati, imamatana. Amene anaisiya choncho mukamuuze."

Make Tsabola anainyamula tepiyo n'kuyang'ana pa kawindo kake. Riboni yakuda yonse inali itakulungika mbali imodzi. Mbali inayo kunali gudumu loyera, lopanda kanthu.

"Mwaibweza."

"Mpaka poyambira penipeni."

Anawayang'ana a Fyuzi, zala zawo zopsa ndi chitsulo chowotcherera, nkhope yawo yodikira kuyamikiridwa.

"Zikomo," anatero. "Mwagwira ntchito."

Ali panjira, deki ili pamutu, mutuwo unayamba kugwira ntchito monga mwa masiku onse. Kulira sikubweza tepi. Malo aja akuwadziwa: phiri, mtengo wouma, mahatchi atatu, yoyera pambuyo. Angoionera kuyambira poyamba, akafika pamenepo aimitse, atulutse, asunge. Alamu asanafike zikhala zitatheka. Koma kunyumba anapeza mayi wina wodzatenga zovala zake za kutchalitchi akudikira pakhomo, kenako magetsi anazima mpaka masana. Pamene ankalowetsa tepi m'deki, nthawi inali itadutsa kale thu koloko.

Tsabola anabwera n'kukhala pansi, msana atatsamira bedi. Anali ndi zaka zisanu. Dzinalo anam'patsa ndi bambo ake chifukwa anabadwa wofiira ndi waukali, ndipo za bambo akewo ankangokumbuka ndevu zobaya.

"Muli anthu m'menemo, amayi?"

"Khala chete uone."

Chithunzi chinabwera chikunjenjemera, mizere yoyera ikuthamanga m'munsi. Malipenga ankalira mokhota ngati oimbawo ali ndi njala. Kumwamba kunali kobiriwira, nkhope za anthu zofiirira ngati njerwa. Make Tsabola anakhala pamphepete pa bedi, chala chili pafupi ndi batani. Aka kanali koyamba kuionera filimuyi manja ali opanda simbi.

Mnyamata wa tsitsi lalitali anagwada pamaso pa mfumu ya ndevu. Mfumuyo inayankhula nthawi yaitali.

"Akuti chiyani?" anafunsa Tsabola.

Mayi ake sukulu anaisiyira panjira, mimba ya Tsabola yemweyu itaoneka. Anatolapo mawu awiri okha, osalumikizana.

"Akuti avale nsapato, kunja kuli minga."

"Nanga uyo?"

"Akuti wamva, koma ayambe wadya."

Tsabola anagwedeza mutu, zinamukwanira.

Posakhalitsa mnyamata uja ndi anzake awiri anakwera mahatchi. Nyimbo inakwera. Phiri linatulukira, mtengo wouma pamwamba pake, mahatchi atatu, yoyera pambuyo. Make Tsabola anadina batani mwamphamvu mpaka deki inasuntha.

"Amayi, mwazimitsiranji?"

Ndi pamenepa, anatero mumtima make Tsabola. Koma atakhala pang'ono, china chake chinayamba kumudya. Tsiku lija tiyi wa mwamuna wake anali atazizira m'kapu, iye anali atasita mulu ndithu. Apa filimu yangoyamba kumene, ngakhale chilombo sichinatuluke. Kapena tiyiyo anazizira tsiku lina? Anati aone pang'ono kutsogolo, akakhutira abwerera.

Chilombo chinatuluka m'phanga chikuyenda ngati munthu wovala thumba, chifukwa chinalidi munthu wovala thumba. Tsabola anakwawa n'kudzakakamira mwendo wa mayi ake, diso limodzi lili kunja. Chilombocho chitatembenuka, zipi ija inaoneka bwinobwino kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Make Tsabola anatsegula pakamwa mwachizolowezi.

"Chakumsanacho n'chiyani, amayi?"

"Chipsera cha nkhondo."

Chilombocho chinagwira mmodzi wa anzake a mnyamata uja n'kulowa naye kuphanga. Otsalawo analira pang'ono, misozi yosaoneka, n'kukweranso mahatchi. Ndipo make Tsabola anadzidzimuka ataona kuti iye mwini wawerama kutsogolo, akufuna kudziwa ngati akafike. Kanthu kachibwana, ka makatoni ndi utoto, koma anthu ake sankabwerera m'mbuyo. Akagwa ankadzuka, fumbi osalisansa n'komwe. Munthu wokhala masabata pa msewu yekha, kugona m'lole, mwina ankafuna zomwezo.

Nyimbo inakweranso. Phiri. Mtengo wouma. Mahatchi atatu, yoyera pambuyo.

Chala chake chinauma m'malere. Silinali phiri lofanana ndi loyamba lija, linali lomwelo. Hatchi yoyera inapunthwa mwendo womwewo, pamwala womwewo. Kambalame komweko kanadutsa kumanzere.

"Amayi, uja anadyedwa uja wabweranso," anatero Tsabola akuloza. "Awerengeni. Atatu."

"Ndawaona."

Anthu opanga filimuyo anajambula phirilo kamodzi n'kumangolibwereza. Make Tsabola anayesa kukumbuka china chilichonse cha m'mawa uja. Panamveka mawu anji hutala isanalire? Mkazi womangidwa uja anali atayamba kukuwa? Ankakuwa m'mafilimu onse. Iye m'mawa umenewo maso ake anali pa kolala ya shati ya munthu wina, shati ya mizere yabuluu, imeneyo ndiye ankaikumbuka mpaka mabatani ake.

Sanaimitse. Anangokhala, manja ali pamiyendo. Phirilo litabwera kachitatu, sanasunthe n'komwe.

Chitseko chinagogodedwa. Alamu ake analowa atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu, thukuta lili pamphumi. Moni anauyamba, koma sanaumalize. Maso awo anakodwa pa TV.

"Aa, iyi? Ikadali moyo?" Anaseka, ndipo kusekako kunali kwa mng'ono wawo ndendende, mpaka make Tsabola anayang'ana pansi. "Phiri lija ladutsa kangati?"

"Katatu."

"Basi latha, silibweranso. Ine ndinkamuuza kuti atipusitsa awa, phiri ndi limodzi. Iye ankati ulendo ukatalika mapiri onse amafanana, ndifunse oyendetsa lole." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Pepani alamu, ndisakhalitse, basi yomaliza ya kwathu sidikira munthu. Ndingozimitsa?"

Dzanja lawo linali litatambasuka kale.

"Khalani pansi, alamu."

"Ndi basi ija, mukudziwa..."

"Mukwera yamawa ikakusiyani, mphasa ilipo. M'nyumba muno filimu siisiyidwanso pakati."

Alamuwo anamuyang'ana, anayang'ana mwana, kenako anakhala pa mpando wa pakhomo, chikwama chili pamaondo.

Mapeto ake sanali oti munthu n'kudikira zaka ziwiri. Chinjoka chamapiko chinatsika kumwamba, mawaya ochigwira akuoneka onse anayi. Mnyamata uja anaponya lupanga kamodzi kokha, chinjokacho n'kugwa ngati chovala chothothoka pachingwe. Nyumba ya mfiti imene inagwira mkazi womangidwa uja inagumuka, makoma ake akupepeluka. Mnyamatayo anam'masula mkaziyo ndi dzanja limodzi.

"Ndinanena ine kuti chingwecho n'cholendewera," anatero make Tsabola, osadziwa kuti akuuza ndani.

Tsabola anaimirira pabedi akuwomba m'manja. Mayina a osewera anakwera, nyimbo inakhota komaliza, kenako pa TV panangotsala timadontho tothwanima ndi mkokomo ngati wa mvula pa malata.

Make Tsabola anadina batani. Tepi inatuluka bwinobwino, a Fyuzi ntchito ankaidziwa. Pa kawindo kaja, riboni yonse inali itasamukira mbali inayo.

"Simuibweza kaye ndisanazule?" anafunsa alamu. "Deki ikapita mulibenso poibwezera."

"Ayi. Yatha."

Anawathandiza kukulunga mawaya, anaika dekiyo m'chikwama, anawaperekeza mpaka pageti. Basi alamuwo anaipeza, iye anaiona ikuima pakona.

Atabwerera, chipinda chinaoneka chachikulu. Pakatebulo paja panatsala malo a makona anayi, oyera kuposa pena ponse. Anaika tepi pamenepo, anaiyang'ana, kenako anaichotsa n'kuiponya m'katoni ya pansi pa bedi mmene munali zinzake. Kansalu koyera kaja anakapinda kawiri. Kakhala bwino poyalira makolala posita.

Analumikiza simbi kumagetsi n'kukhala kudikira kuti itenthe. Tsabola anali pakhomo atakwera tsache, akumenya mphepo ndi chipande.

"Amayi, chifukwa chiyani ankangodutsa pa mtengo womwewomwewo?"

Make Tsabola ananyowetsa chala n'kukhudza simbi. Inali isanatenthe.

"Anali ndi phiri limodzi lokha," anatero. "Bwera nacho kuno chipandecho, n'chophikira."