Bokosi la Mbawa

Adzukulu anali atasenza kale makasu ndi mafosholo pamene a Goliati Mathero anatuluka pasiwa kuti akawalozere malo okumba manda. Mchemwali wawo, mai Idesi, anali atamwalira dzulo lake masana, ndipo monga mwini mbumba, ntchito yoloza malo inali yawo.

Asanafike n'kunjira komwe, Edwin, mwana wa malemuwo, anawathamangira n'kuwagwira mkono.

"Atsibweni, bwanji amayi tingowaika kumanda a kutchalitchi? Kumsitu kuja n'kutali, anthu akatopa ndi bokosi."

"Amako anandiuza ndi pakamwa pawo, iweyo ulipo," anayankha a Goliati. "Anati, 'Achimwene, mukandigoneke pansi pa mbawa ya amayi.' Mawu a munthu wakufa sawoloka. Bwerera ukalandire alendo."

Edwin anatsala chiimire, akupukuta thukuta ngakhale kunali kusanatenthe.

Mudzi wawowo, kufupi ndi Mauwa, unali ndi manda awiri. Zaka zimenezo maliro ankachuluka, ndipo ambiri ankaikidwa kumanda atsopano a kutchalitchi, papululu popanda ndi mthunzi womwe. Manda enawo anali msitu wa makolo. Mmenemo munagona anthu amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, mitolo ili pamutu, pamodzi ndi ana awo. Munalibe mitanda kapena ziliza: munthu aliyense ankadziwika ndi mtengo wake. Mwambo sunkalola kulowamo popanda maliro, ngakhale kutolamo kankhuni kouma. N'chifukwa chake, pamene mitengo ya m'mapiri inkathera ku makala ndi ku mauvuni a njerwa chiyambire matipate, msitu uwu wokha unatsala uli biriwiri. A Goliati ankaunyadira kwambiri.

"Koma bokosi lija ndaliona, madala," anatero Timoti, mkulu wa adzukulu, munthu wosasowa chonena. "Lofiira, losalala, munthu n'kudzionerapo nkhope. Mpaka ine ndinasirira kufa. Mwana wa mchemwali wanu uja ndi mwamuna."

"Ukafa iwe tidzakukulunga mumphasa yomwe umagonera ija," anatero a Goliati, ndipo adzukulu anaseka. Mumtima a Goliati anali okondwa. Edwin masiku amenewo zinkamuyendera: anafolera nyumba ndi malata, anagula njinga, ndipo ankati akuchita geni ku Limbe.

Atafika pakhomo pa msitu anavula zipewa. A Goliati anawomba m'manja katatu kupempha njira, kenaka anakankha ziyangoyango n'kulowa. Ankayembekeza kamdima kozizira kamene ankakadziwa kuyambira ubwana wawo. M'malo mwake, atangodutsa mizere yowerengeka ya mitengo, dzuwa linawamenya kumaso.

Anaima. Timoti anawagunda kumsana.

"Mayo ine!" anakuwa mdzukulu wina, khasu n'kumupulumuka.

Msitu munalibe. Mitengo inangotsala ya m'mphepete, yozungulira ngati mpanda, yonamiza odutsa kunjira. M'kati monse munali zitsa, utuchi wa macheka ndi maenje akuluakulu odzadza madzi a matope. Milu ya dothi lofiira inali ponseponse. Pambali panali chisakasa cha pulasitiki, mafuwa a moto, mapiki, ndi matumba a timiyala tonyezimira.

Timoti ananong'ona, "Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

A Goliati anakumbukira kuti kwa miyezi ingapo amayi opita kuchitsime ankanena kuti kumsitu kukumveka kugogoda masanasana. Anthu ankati ndi mizimu yakwiya, ena amvekere ndi afiti, ndipo aliyense ankangofulumiza mapazi osacheuka. Iwo omwe anauza mbumba yawo kuti isamayandikireko. Ulemu womwe unasunga msituwo zaka zonsezi ndi umene unabisa akuba. Zimenezi zinawapweteka kuposa zitsa zomwe ankaziona.

Anayamba kuyendayenda ngati munthu wotaya singano. Mbawa ya mayi awo inali pakati penipeni, pafupi ndi mpindimbi wa agogo awo. Tsopano pakati panali pati? Chitsa chilichonse chinkafanana ndi chinzake, ndipo zina zinali zitazulidwa n'kuponyedwa uko. Pa mulu wina wa dothi anaona kanthu koyera. Anawerama n'kufukula ndi zala. Inali kapu yachitsulo yobenthuka pakamwa, imene iwo eni anaiika pa mtumbira wa mayi awo tsiku la maliro.

Anakhala pansi, padothi pomwepo, nalira ngati mwana. Adzukulu anayang'ana kumbali.

Timoti ndi amene anaona njira. Inali yopondekapondeka, yokhala ndi mikwasa ya matayala a wilibala, ndipo inkatulukira kuseri kwa msitu, kutsikira kukhwawa.

"Madala," anatero motsitsa mawu, "njira iyi ikuthera m'dimba. Dimba limenelo mukulidziwa mwini wake."

"Kamuitaneni."

Edwin anabwera akukoka miyendo. Atafika sanayang'ane maenje, anayang'ana kapu ili m'manja mwa atsibweni ake.

"Ndani wachita izi?" anafunsa a Goliati.

"Anabwera anthu a m'tauni. Anati pansi pano pali miyala yogulika kunja. Ine ndinangowalola kudutsa m'dimba."

"Nanga mitengo inadzidula yokha?"

"Anati mizu ikutchinga." Mawu a Edwin anayamba kukwera. "Atsibweni, inu simukudziwa. Mankhwala a amayi chaka chonsechi ankachokera kuti? Ndani wina anandithandiza? Akufa sadya mitengo. Ife amoyo ndife tikuvutika!"

"Sadyadi," anatero a Goliati. "Koma ndiuze, agogo ako ali pati? Loza."

Edwin anayang'ana uku ndi uku. Anakweza dzanja, kenaka analitsitsa.

Pamenepo a Goliati chinthu china chinawalasa mumtima. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Bokosi lija. Matabwa ofiira aja unawatenga kuti?"

Edwin anagwetsa nkhope.

"Ndikufunsa iwe!"

"Ndinasungako ochepa a mtengo waukulu uja," anayankha ndi mawu osamveka bwino. "Ndinkafuna kuti amayi apite mwaulemu."

Adzukulu anagwira pakamwa. Timoti, yemwe analitama bokosilo njira yonse, analavula malovu pambali.

A Goliati anafuna kumumenya ndi mpini, anafunanso kumutengera kupolisi tsiku lomwelo. Koma mbalame ikatera pauta siilasika: uyu anali magazi awo, ndipo mayi wake anali chigonere pasiwa kudikira nyumba yake.

"Ndiye titani, madala?" anafunsa Timoti. "Dzuwa lakwera. Tikakumbe kutchalitchi kuti anthu asaone manyaziwa?"

"Manyazi obisa ndi amene atifikitsa pano," anatero a Goliati. Anatembenukira kwa Edwin. "Anzakowo akumba kulowera kuti?"

Edwin analoza dzenje lalikulu, pamene mzere wa miyala yonyezimira unkalowera pansi pa mitengo yotsala ija.

A Goliati anapita n'kuima kutsogolo kwa dzenjelo, pamzere penipeni. Anajambula malo ndi chidendene. Kenaka anatenga khasu kwa Timoti n'kumupatsa Edwin.

"Mwana sakumba manda a mayi wake," anatero Timoti modabwa.

"Uyu anakumba kale a agogo ake. Ayambe ndi iyeyo."

Masana anthu onse a maliro analowa mumsitu. Nyimbo ya amayi a mvano inadukira pakati atangodutsa mpanda wa mitengo uja. Kulira kumene kunabuka pamenepo sikunali kwa mai Idesi okha: aliyense ankathamangathamanga kufuna mtengo wa mayi wake, wa mwana wake, wa mwamuna wake, osaupeza. Anyamata anagwetsa chisakasa chija n'kukhuthulira matumba a miyala m'maenje, ndipo anthu anagwirizana pomwepo kuti mawa alawirira kuboma ndi mapiki aja ngati umboni.

Bokosi litatsitsidwa, a Goliati anaika kapu ija kumutu kwa manda. Edwin anali ataima pambali pawo, matuza ali thoo m'manja.

"Amako anapempha kugona pansi pa mbawa ya amayi awo," anatero a Goliati. "Iwe wawagoneka m'kati mwake. Miyala yako ili pansi pawo apa. Tsiku limene udzaifune, udzayambe wafukula amako."

Edwin anagwada, natapa dothi ndi manja ake otupawo, koma zala zinakana kutambasuka. Adzukulu anamudikira, mafosholo ali m'manja.