Sopo Wosakhwima

Amake mapasa anali pakati pochapa mayunifolomu pamene mkazi wa telala analowa pageti osaodira, khanda likulira m'manja mwake.

"Amake mapasa, taonani zomwe sopo wanu wachita!"

Anamasula thewera. Ntchafu za mwanayo zinali psuu, pena patatuluka matuza.

"Sopo wanga uti? Mwezi uno sindinagulitse."

"Amuna anu anatigulitsa dzana. Ati wabwino kuchapira matewera."

Amake mapasa anathamangira kuchipinda chakuseri kumene ankaphikira sopo. Pashelefu yapamwamba, pomwe anaika sopo watsopano kuti akhwime, mzere wonse panalibe. Anatenga chidutswa chotsala, nachidula ndi mpeni, nagunditsa nsonga ya lilime pakati pake. Chinamuluma ngati mavu. Analavula.

Atatuluka anakoka ndowa ya madzi oyera omwe anatungira kutsukuluzira zovala, nayamba kuthira pantchafu za khanda lija pang'onopang'ono. Mwamuna wake anatulukira kuseri kwa nyumba, pampu ya njinga ili m'manja.

"Bambo a mapasa, sopo wa pamwamba uja munamutengeranji?"

"Anthu amafunsa, inu kulibe. Ndinagogoda, anali gwa ngati njerwa. Ndimati ndikuthandizeni."

"Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere! Wauma kunja kokha ameneyo."

"Sopo ndi sopo, akazi anga. Akauma, wapsa."

"Tamverani, ndinene kamodzi. Soda ndi mafuta zikakhala zamadzimadzi mumphika, zimapezana msanga, mthiko ukuzithamangitsa. Zikalimba, soda amachita kukwawa kufunafuna mafuta, ngati nkhalamba yotaya ndodo. Tsiku lomwe ndinaphika ameneyu kunazizira, zinalimba ndisanamalize kutakasa. Zimafunika masabata ambiri. Soda amene sanapeze mafuta ndi uyu wapeza mwana wa eni."

"Nanga simunandiuze bwanji?"

"Ndinaika pamwamba kuti ana asafikire. Ndinaiwala kuti ndili ndi mwana wina wamtali."

Mkazi wa telala sanaseke. "Ine za kukwawa kwa soda sindizidziwa. Chomwe ndikudziwa n'choti mwana wanga sakutonthola."

"Mwanena zoona, achemwali. Mlandu ndi wa nyumba ino. Bambo akuperekezani kuchipatala pompano." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Wina munagulitsa kwa yani?"

Bamboyo anakanda kumutu. "Kwa aphunzitsi, kwa mayi wa saluni... ndi ena apo ndi apo." Kenako anakokera mkazi wake pambali, nanong'ona. "Koma bwanji tingokhala chete? Mwina enawo sawawotcha. Mukalengeza m'makomo monsemu, ndani adzagulenso sopo wanu?"

Amake mapasa anayang'ana manja ake osweka ndi soda. Ntchito imeneyi ndi imene inkadyetsa nyumba yonse, ndipo dzina labwino analipanga ndi manja omwewo. Kenako anayang'ana matuza aja.

"Aphunzitsi nawonso ali ndi khanda," anatero. "Kwezani mayiwa panjinga. Kumakomoko ndipita ndekha."

Anazungulira khomo ndi khomo ndi thumba. Ena anamuthokoza, ena anamuponyera sopoyo osamupatsa ndi moni womwe. Mayi wa saluni anamuonetsa zala zosupuka pamaso pa makasitomala ake onse.

"Musavutikenso kubweretsa, amake mapasa. Ndizigula wakusitolo."

"Chabwino," anayankha, natsegula thumba kuti mayiyo aponyemo.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Anakhuthulira sopo yense m'chidebe, natseka chipinda chija ndi loko, kiyi namangirira m'khosi. Zidutswa ziwiri sizinapezeke. Mwamuna wake sankakumbuka amene anazitenga.

M'beseni thovu linali litaphwa, madzi atazizira. Anakhala pampando, natenga malaya a mmodzi wa mapasa, nayamba kufikisa kolala. Aliyense akadutsa pafupi ndi geti, manja ake ankaima.