Macheka a Injini a Bambo Ake

Anakoka chingwe mpaka phewa linawawa, koma macheka a injini aja anangotsokomola n'kukhalanso chete. Dalaivala, mwana woyamba wa pakhomopo, anapukuta thukuta n'kuuza mayi ake kuti chitsulochi chinafa kalekale, madzulo achikweza m'galimoto apite nacho kwa ogula zitsulo zakutha.

Mayiwo anayang'ana kumbali. Maso awo anali pakhomo la shedi, pomwe amuna awo anakhala pampando, dzanja lamanja lili lende. Chiwagwireni sitiroko, mkulu wodula mitengo uja sankalankhula, ankangotha tsiku akuyang'ana pansi. Chimene mayiwo ankafuna chinali chimodzi basi: bambowo amve machekawo akulira, ngakhale kamodzi kokha, chitsulocho chisanachoke pakhomo.

Zoyesa anali atayesa. Petulo wakale anamutaya n'kuthira watsopano wosakaniza ndi oyilo. Pulagi anaipala. Sefa ya mpweya mayiwo anaichapa okha ndi sopo ngati sokosi. Dalaivala anati injini ya galimoto imamumvera, koma iyi yatengera makani a mwiniwake.

"Koma amayi, zaka zonsezi simunaonepo mmene ankailizira?"

Akanaona bwanji? Lamulo la bambowo linali loti kutsogolo kwa macheka sikuima munthu, kaya mkazi kaya mwana. Mayiwo ankaonera pawindo la kukhitchini, ndipo chimene ankachidziwa ndi msana: malaya othimbirira, phazi litaponda chogwirira, phewa likukwera. Manja sanawaonepo. Msana umenewo ndi womwe ankaulakalaka tsopano, woongoka, wa munthu wofulumira kuntchito.

Koma makutu anasunga zawo. M'mawa uliwonse zinkamveka mofanana: kukoka, kukoka, kutsokomola, kenako zii pang'ono, kanthu n'kulira kuti tcha, ndiyeno chiphokoso chogwedeza makapu.

"Iwe, ikatsokomola umatani?"

"Ndimakokanso."

"Ndiye phuma lakolo. Abambo ako ankayamba aima kaye. Pankalira kanthu."

Dalaivala anawerama n'kupeza kachitsulo ka tchoki, kotseka mpweya, kali chitsekere kuyambira m'mawa. Injini inali itamwa petulo mpaka kukhuta. Anamasula pulagi, yonyowa ngati yagwa m'chitsime, anaiumitsa ndi nsanza n'kudikira, mayi ake atamuimirira pamutu kuti asafulumirenso. Atabwezera anakoka, inatsokomola. Anaima. Anatsekula tchoki kuti tcha. Anakokanso.

Machekawo anabangula, utsi wabuluu n'kudzaza shedi yonse, galu wa aneba n'kuthawira kuseri kwa mpanda. Bambo aja anadzutsa mutu. Anakoka fungo la utsiwo ndi mphuno, dzanja lamanzere linafumbata mwendo wa mpando, ndipo msana uja unaongoka. Milomo inagwedezeka koma mawu sanatuluke. Mayiwo anazungulira n'kukaima kutsogolo kwawo, kuwayang'ana kumaso.

Posakhalitsa injini inabanika n'kuzima. Dalaivala anakoka mpaka kutopa, osatheka. Anayamba kunena za kabuleta ndi zoti zipangizo zake sizipezekanso, koma mayi ake anamudula pakamwa.

"Machekawa sakupita kulikonse. Loweruka ubwere, osati zako zija zoimika galimoto pageti n'kuliza hutala. Udzakhale pansi pafupi ndi abambo ako, uziwaonetsa chitsulo chimodzichimodzi, kugwedeza mutu amatha. Ine ndinathera zaka zanga pawindo kuyang'ana msana. Iwe uchite bwino kuposa pamenepo, mwanangu."