Kagemu Kopanda Sipika

Kagemu ka m'manja kaja adada anatumiza kuchokera ku Joni kuti kakhale kanga. Sipika yake inafa msanga, mabatani ena n'kuuma, ine n'kukaponya m'katoni ya mabuku. Anakatola ndi mlongo wanga Wezi.

Wezi samva chibadwire. Anaphunzira kusukulu ya ana osamva ku Embangweni, ndipo tsiku lotsanzikana atamaliza Sitandade 8, iye ndi anzake anajambulana pafoni ya mlendo wina wodzatenga mwana wake. Aliyense ankaima pansi pa mtengo n'kulankhula ndi manja: miseche, nthabwala, kunyozana mphuno. Mavidiyowo tinawatengera kwa Muzamil, mnyamata amene amalowetsa nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pamsika wa pa Boma, ndipo anawakonza kuti azioneka pakagemu. Galasi lake ndi lalikulu, zala zimaoneka bwino. Pambuyo pake foni ija inabedwa m'basi, anzake aja anabalalika, wina ku Karonga, wina ku Euthini. Anatsala m'kagemu basi.

Kwathu wodziwa chinenero cha manja ndine ndekha, ndipo ndimachita nacho chibwibwi. Amama amangoloza ndi kukodola. Choncho akamaliza kutsuka mbale masana, Wezi ankakhala kuseri kwa khitchini, kagemu pamaondo, akuseka ndi kuwayankha anzake ngati akumuona.

Asibweni a Justus, alongo awo a amama, amacheka matabwa ku Chikangawa. Anafika Loweruka m'mawa Wezi ali kumjigo, kagemu kali patchaja pawindo.

"Aka n'kandani?"

"N'ka ana," anatero amama.

"Ana kumasewera ndi chinthu ngati ichi? Ife kunkhalango anyamata akaweruka amangoyang'ana utuchi. Akaonerepo mafilimu, ndidzabweza." Anakalowetsa m'thumba la jekete n'kutembenukira kwa ine. "Pali mawu, Chikomeni?"

Mawu analipo, ambiri. Ndinayang'ana nsapato zawo za utomoni wa paini.

"Ayi, asibweni."

Wezi atatula ndowa anapeza tchaja ikulendewera yokha. Nditamuuza, anandigwira malaya n'kundikoka mpaka pamsewu. Njira yonse yopita kumsika sanandiyang'ane.

Asibweni tinawapeza pabenchi ya Muzamil, akugwedeza kagemu pafupi ndi khutu.

"Anthu akumenyana m'menemu koma sakumveka. Wachita chiyani iwe?"

"Bwana, sipika inafa kale," anayankha Muzamil. "Si ine. Ndinakuuzani ndisanayambe."

"Mbwenu filimu yopanda mawu aonere ndani?"

Muzamil ataona Wezi anasiya kutafuna chingamu. Anandiitana ndi chala.

"Achimwene, kagemuka ndinakazindikira. Memole inali yodzaza, ndiye ndinafunsa ngatidi ndifufute. Anati ndi tiana tikungogwedeza manja, fufuta zonse. Anati mwawapatsa ndinu."

"Palaputopu simunasunge?"

"Ija inapsa. Iyi ndi ina."

Asibweni anaponya kagemu pabenchi. "Tengani chinthu chanu chakufachi."

Wezi anakatola n'kuyamba kufufuza. Filimu ya karate. Ina ya asilikali. Amuna onenepa akugwetsana m'bwalo la zingwe. Anafika kumapeto, anabwerera kumayambiriro, anafikanso kumapeto. Ndinkadikira kuti alire, chifukwa kulira ndikanadziwa chochita nako. Sanalire. Anakaika pansi kuti manja ake amasuke. Ndinamufotokozera ndi manja zimene Muzamil ananena.

"Unalipo?" anandifunsa.

"Ndinalipo."

"Unanena chiyani?"

"Palibe."

Anandigogoda pamlomo ndi chala, mwamphamvu, mpaka dzino linapweteka. "Apa umangodyera?" Kenako analoza asibweni. "Zimene ndinene, unene. Osachotsapo."

Amayi ogulitsa tomato anali atayamba kale kutiyang'ana. Ine ndinamaliza Fomu 4 osakwezapo dzanja m'kalasi. Koma manja a Wezi anali atayamba, ndipo ndikanachedwa ndikanataya chiganizo.

"Akuti munafufuta Catherine," ndinatero.

"Ati chiyani? Kweza mawu," anatero asibweni.

"Akuti munafufuta Catherine, amene ankagona naye bedi limodzi. Munafufuta Kalebe, amene amatha kuyerekeza mayendedwe a aliyense. Munafufuta Mwawi akumuuza chinsinsi. Akuti si tiana togwedeza manja, ndi anthu amene amalankhula naye, ndipo kwathu kulibe ena."

"Chikomeni, ukuyankhula ndi ndani?"

"Akuti kuyambira ali khanda simunamufunsepo ngakhale kuti wadzuka bwanji. Mumangomupatsa nsapato kuti apukute. Akuti inu makutu muli nawo, koma mnyamatayu anakufunsani ndipo simunamve."

Wina kumbuyo anaseka, wina anamuletsa. Asibweni anayandikira mpaka ndinamva fungo la dizilo pajekete.

"Ine ndi amene ndinakulipirira mayeso, mwana iwe. Lero undichititse manyazi pamsika chifukwa cha chidole?"

Manja a Wezi anali atatsika. Zimene anafuna kunena zinali zitatha. Koma zanga zinali zisanathe.

"Munandifunsa ngati pali mawu mukudziwa kuti sindingayankhe. Kenako mwabwera kuno kudzanena kuti ndakupatsani ndine. Sindinakupatseni. Munatenga."

Anakweza dzanja. Ndinaliyang'ana osaphethira, ndipo linakhala m'mwamba mpaka Muzamil anati, "Ndapota nanu bwana, pano ndi pa bizinesi." Analitsitsa, anakonza kolala, n'kulowera kudepoti osatembenuka.

Wezi anandikoka mkono. Anali ataona milomo yanga ikuyenda manja ake ali chete.

"Zomalizazo unati chiyani?"

"Zinali zanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yosamasuka. Kenako anapereka kagemu kwa Muzamil, analoza amuna ogwetsana aja, n'kupukuta chikhato chimodzi ndi chinzake. Apo sipanafunike womasulira. Muzamil anafufuta zonse.

Pobwerera iye anali patsogolo, kagemu kopanda kanthu atakamanga pansonga ya chitenje. Titadutsa chigayo anachepetsa liwiro pang'ono, koma osati kuti ndimupeze.