Zigubu za Thobwa ku Bangwe

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu akuluakulu zinthu zimene eni ake amati amazidziwa kale. Dzina langa ndine Tionge, ndipo pa labu yathu yofufuza za matenda ndine woyang'anira chitetezo. Ndine uja anthu amabisa kapu ya tiyi kuseri kwa makina akangomva nsapato zake pakhonde. Palibe amene amandida kwenikweni, koma palibenso amene amasangalala ndikalowa.

Lachitatu lina ndinasonkhanitsa onse ku maphunziro a kagwiridwe ka mankhwala oopsa. Anabwera ndithu, ena maso ali pa foni, ena akufunsa ngati masikono afika. Ndinaika patebulo chigubu chabuluu, chimodzi mwa zija timathiramo mankhwala otha ntchito. Ndinafotokoza kuti mumalowa fomalini, amene timasungira tizidutswa ta mnofu kuti tisawole, komanso mankhwala ena amene amalowerera m'pulasitiki momwemo. Ungatsuke mpaka manja kutupa, sachoka onse. Ukathiramo chinthu chofunda, amatuluka pang'onopang'ono n'kusakanikirana nacho. N'chifukwa chake chigubu chilichonse chikakhuthulidwa ndimachipaka penti yofiira pachigwiriro, ndipo chiyenera kuboolewa pansi.

A Duncan a ku sitolo yosungiramo katundu wa labu, amene ntchito yoboolayo ndi yawo, anakweza dzanja.

"Madamu, chigubu chabwinobwino, chotsekera chake chilipo, tichiboole? Inu kwanu ku Chilomoni madzi amatuluka daily eti? Mudzabwere ku Machinjiri mudzaone mzere wa pa kiyosiki ya madzi."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Mtima unandiwawa, chifukwa a Duncan sanali kunama. Mipope ikauma m'tauni muno, chigubu chimasanduka chuma cha pabanja. Ndinabwerezanso zonse kuyambira pachiyambi, koma ndinkaona ndekha kuti zikulowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Munthu yekhayo amene ankagwedeza mutu pa mawu anga onse anali a Dominiko, otsuka mabotolo ndi timachubu, amene anayamba ntchito pamalopo ine ndisanaphunzire ndi kuwerenga komwe. Bambo anga atamwalira, a Dominiko ndi amene anathamangathamanga za bokosi ndi galimoto, n'kugona pa siwa ngati m'bale. Kuyambira pamenepo amanditchula mwana wawo, ndipo ine ndinalibenso munthu wina wamkulu mu Blantyre muno woti n'kumudandaulira. Maphunziro atatha anandikumbutsa za chinkhoswe cha mwana wawo Takondwa.

"Loweruka, mwana wanga. Ukachedwa ndikulipitsa nkhuku."

Loweruka ndinalawirira, chitenje m'chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Limbe kenako ya ku Bangwe. Pakhomo pa a Dominiko ndinapeza tenti itaimikidwa kale, mipando yobwereka ku tchalitchi itandandalikidwa, masipika akuyesedwa. Monga mwana wa pakhomo sindinakhale mutenti. Ndinamanga chitenje n'kuzungulira kuseri kumene amayi ankaphika.

Kumeneko, pamthunzi wa mtengo wa peyala, panali zigubu zabuluu zitatu. Mapepala ochenjeza amene timamatapo anali atapalidwa bwinobwino. Koma pa zigwiriro panali penti yofiira, yopaka ine ndi dzanja langali.

Ndinafunsa a Petronela, akazi a a Dominiko, kuti munali chiyani.

"Thobwa, mwana wanga! La mapira enieni, achemwali anabwera nawo kuchokera ku Nsanje. Sabata yonse ndili pa chimera, msana uwu sukugwiranso. Dikira ndikuthirire ulawe."

"Amayi, zigubuzi zachokera kuti?"

"Abambo ako anabwera nazo. Usade nkhawa, tinatsuka. Sopo, mchenga, phulusa, madzi otentha. Tanunkhiza wekha."

Ndinanunkhiza, ndipo munkamveka chimera chokhachokha. Ndinafunsa ngati anathira litazizira. Anaseka, nati malo oziziritsira thobwa lonselo akanawapeza kuti, anathira dzulo likadali lofunda.

Ndinatumiza uthenga kuti a Dominiko abwere kuseriko. Anafika atavala suti yakuda ndi duwa pachifuwa, nkhope ikuwala. Ataona pamene ndinaimirira, kuwala konse kunazima.

"Osati lero, mwana wanga."

"Abambo, Lachitatu munali kutsogolo penipeni. Munkagwedeza mutu."

"Ndinamva zonse. N'chifukwa chake ndinawauza amayi akowa kuti atsuke kwambiri."

"Sizitsukika! Si zimene ndinanena?"

"Tsitsa mawu. Dzulo ndamwa makapu awiri ine. Ndafa?"

Funso limeneli ndimalimva chaka ndi chaka, ndipo limandiwiritsa magazi. Ndinawauza kuti sindingalumbire kuti wina agwa pompo. Mwina ena atsegula m'mimba, mwina ayi. Koma mutentimo munali ana, munali amayi oyembekezera, munali agogo odwaladwala, ndipo palibe amene akanadziwa kuti m'kapu iliyonse mwalowa zochuluka bwanji. Ndinawapempha kuti tingolichotsa mwakachetechete, ine ndithamange kumsika ndikagule zakumwa za m'mabotolo, tinene kuti thobwa lasasa.

"Lasasa? Thobwa la mkazi wanga lisase pa chinkhoswe cha mwana wake, akuchimuna akumva? Anthu amwe za m'mabotolo ngati ali pa miting'i?" Anandigwira paphewa. "Lolemba ndibweza zigubuzo, ukaziboole wekha. Lero ndisiye ndikwatitse mwana."

Anabwerera kutenti. Ine ndinatsala chiimire, ndikudziuza kuti mwina ndikukokomeza, mwina phulusa lija linathandizako. Ndinkafuna kwambiri kuti ndikhale wolakwa. Koma zimene ndinkadziwa sizinasinthe chifukwa choti ndinkawakonda a Dominiko.

Akuchimuna anafika ndi nyimbo, nthungululu zili wedewede. Atangokhazikika, a Petronela analamula atsikana kuti ayambe kugawa thobwa, kuyambira kwa ankhoswe a kuchimuna monga mwa mwambo. Chigubu choyamba chinatsegulidwa, thobwa likukhuthulidwira m'ndowa, makapu akudzazidwa. Ndinaima kutsogolo kwa atsikanawo n'kunena kuti adikire. Anandilambalala akuseka, poyesa kuti ndikuchita nthabwala. Ndinagwira thireyi ya wotsogola.

"Thobwali lisapite. Zigubuzi munali mankhwala oopsa."

"Mankhwala anji?" anafunsa mayi wina wonenepa amene ankadula kabichi. "Ife tonse timatungira m'zigubu za kumakampani. Inu ndi a health kapena?"

Amayi anaseka. Mtsikana wina anali atadutsa kale ndi thireyi yake, ndipo ndinamuona akugwada pamaso pa azakhali a mkwati, amene anali ndi kamdzukulu pamiyendo. Mawu onse a m'kalasi aja anali atandithera. Fomalini sanatanthauze kanthu kwa aliyense pamalopo. Ndinangotsala ndi mawu amodzi amene ndinkadziwa kuti aliyense awamva, ndipo ndinawafuula.

"Musamwe! Munali mankhwala aja amabaya maliro ku mochale!"

Azakhali aja anachotsa kapu pakamwa pa mwana n'kuiika pansi. Woimbitsa nyimbo anatsitsa masipika. Mawu anga anayenda mzere ndi mzere mpaka kumsewu, ndipo pofika kumeneko anali atasintha kale. Ndinamva wina akuti, "Amafuna atimwetse madzi osambitsira maliro." Wina anati, "Kuti mwana wathu azingoti inde mayi." Ndinalowa mutenti n'kuyesa kufotokoza kuti a Dominiko sanafunire munthu zoipa, kuti ndi nkhani ya pulasitiki ndi kutentha basi, kuti mankhwalawo sanakhudzepo mtembo wa munthu. Palibe amene ankamvetsera. Anthu omwe sakanamva za chitetezo ngakhale nditaima tsiku lonse anali atamva za ufiti m'kamphindi.

A Petronela sanandiyang'ane. Anakoka zigubu zija okha, kukana wowathandiza, n'kuzipendeketsa mu ngalande ya kuseri kwa bafa. Thobwa linayenderera kutsika ndi ngalandeyo, iwo misozi ili mbwembwembwe, akupukuta ndi nsonga ya chitenje chatsopano cha yunifolomu.

Mwambo unachitika, koma mongokwaniritsa. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, nthungululu zikumveka za mbali imodzi. Mpunga ndi nyama zitabwera, akuchimuna anati akhuta. Ananyamuka dzuwa likadali pamutu, ndipo Takondwa anakadzitsekera kuchipinda. Ine ndinavula chitenje n'kutuluka popanda wondiperekeza. M'minibasi ndinakwiyira a Duncan, ndinakwiyira mipope youma, ndinakwiyira mabwana amene ndakhala ndikuwapempha loko wa kumalo osungira zigubu iwo n'kumati tidzakambirana. Ndinadzikwiyiranso ndekha chifukwa cha liwu lija la mochale, ngakhale mpaka lero sindinapeze lina limene likanaimitsa kapu ija.

Lolemba m'mawa ndinapeza a Dominiko ali pa sinki, akutsuka timachubu. Ndinawapatsa moni ndipo anayankha mwaulemu, ngati mmene amayankhira alendo ochokera kunja. Ndinafunsa za Takondwa.

"Akuchimuna atumiza mawu. Akuti za ukwati ziyambe zaima, akufuna akhale pansi kaye ngati banja."

"Abambo, ndipite nanu. Ndikawafotokozera bwinobwino, ndi mapepala omwe."

"Mwafotokoza kale, zakwana."

Ndinawauza kuti sindikanatha kungoyang'ana mwana uja akumwa. Ndinawauza kuti akanakhala mdzukulu wawo, akanandithokoza. Anatseka mpope n'kutembenuka, madzi akudontha m'manja. Maso awo anali ofiira.

"Ine ndinamwa. Mkazi wanga analawa pophika, analawanso m'chigubu. Atsikana aja anamwa m'mawa muja inu musanafike. Ndayenda Bangwe yense dzulo, khomo ndi khomo, kufunsa. Tandiuzani inuyo amene munaphunzira, wadwala ndani?"

Ndinali ndi mayankho ambiri, onse oona, ndipo panalibe limodzi loti n'kuwabwezera mwana wawo ukwati.

"Palibe," ndinatero.

Anagwedeza mutu, natsegulanso mpope n'kupitiriza kutsuka.