Kachasu M'kapu ya Tiyi

Mvula ikayamba, makampu a alendo odzaona nyama amatseka, ndipo mwana wanga Mathias amabwera kunyumba kudzamwa. Ntchito yake inali yochapa ndi kusita kukampu ina cha ku Nkwali. Chaka chino sanadikire kuti atseke. Anamuchotsa, manja atayamba kunjenjemera mpaka kuwotcha malaya a mlendo ndi simbi.

Ine zokhala pansi n'kumalira sindizidziwa. Ndinaganiza chimodzi: kumuchotsa pamene pali mowa. Kuno ku Nsefu chimanga chikayamba kubereka timasamukira kumunda, kukakhala mumsasa n'kumalondera njovu ndi anyani. Munda wanga uli kutsidya kwa kamtsinje, kutali ndi mashabini. Ndinamuuza anyamule mphasa.

"Amama, mukukanditsekera?"

"Ndikukupatsa ntchito. Anyani sadziwa za matsire."

Tinawoloka madzi ali m'mawondo. Kenako mvula inakhuthuka kumapiri, mtsinje wa Luangwa unadzaza n'kubweza madzi m'kamtsinje, mitengo ya m'mbali n'kumira. Ndinakondwa. Ndinati chitseko watseka ndi Mulungu.

Poyamba Mathias ankangotukwana n'kumasanza. Kenako thukuta, tulo osabwera. Dzuwa lili paliwombo anayamba kudzikwapula miyendo, akuti linthumbu likumukwera. Panalibe ngakhale nyerere imodzi. Mwadzidzidzi anagwa, maso atatembenuka, akuphupha ngati nkhuku yodulidwa khosi.

Ndinakwera pachulu pamene foni imagwira, n'kuimbira a Susan, anamwino a kukiliniki.

"Anamwa liti komaliza?" anafunsa.

"Tisanawoloke. Ndamusiyitsa."

"Kamodzin'kamodzi? Amayi, munthu womwa tsiku lililonse zaka zonsezi thupi lake linazolowera. Mukaudula mowawo mwadzidzidzi akhoza kufa. Amenewo ndi matenda, si mwano. Ayenera kusiyira kuno, tikumupatsa mapilitsi n'kumamuyang'anira. Bwerani naye."

"Pa chiyani? Bwato la a Gideon lowolotsa anthu lapita ndi madzi, ndipo muli ng'ona."



"Ndiye mverani. Sindikonda kunena izi. Akatsitsimuka, muzimupatsa pang'ono, wongoletsa kunjenjemerako. Phala ndi madzi akumwa zisasowe. Mtsinje ukangotsika, kuno msanga."

"Ndizimupatsa chiyani?"

"Mwamva, amayi."

Tsidya lino wotcheza kachasu ndi mmodzi, Felister, amake Delia, ndipo msasa wake uli kuseri kwa munda wa thonje. Ine ndine wa Chigwirizano cha amayi kumpingo. Ndinamuuzapo pachitsime, anthu onse akumva, kuti akutiphera ana. Chiyambire sitinapatsanenso moni.

"Mwaswera bwanji, amake Delia?"

"Iii, amayi a Chigwirizano! Mwabwera ndi pemphero kapena ndi apolisi?"

"Ndabwera ndi kapu."

Anayang'ana kapu ya tiyi ija, n'kuyang'ana ine.

"Nanunso mwayamba? Bulauzi yoyera ija tiivala ife tsopano?"

"Thira. Nthawi ndilibe."

"Ndi Mathias?" Kuseka kunatha. "Wayamba kuona zinthu?"

"Linthumbu."

"Malemu bambo ake Delia ankaona njoka kudenga. Ife tinathamangira kwa sing'anga." Kapu anandibwezera yopanda kanthu, n'kudzaza botolo, theka kachasu theka madzi. "Wa mutu, wosasungunula, ayi, angapse nawo. Ndipo botolo musamuonetse pamene mwaika."

Ndinamupeza Mathias atatsitsimuka, atakhala tsonga, mano akugundana. Kapu sakanatha kuigwira. Ndinamugwira mutu n'kumumwetsa ndi dzanja langa lomwe, dzanja limene linkamumwetsa phala ali khanda. Patapita nthawi manja anayamba kukhazikika. Anasiya kukwapula miyendo, n'kundizindikira.

"Amama, ndinu mukundipatsa?"

"Meza. Usalankhule."

"Onjezani pang'ono."

"Ayi."

"Pang'ono chabe, amama. Si ndinu adokotala tsopano?"

"Idya phala."

Mumsasa mulibe pobisa chinthu, choncho botolo ndalimangira m'chitenje, m'chiuno. Ndimalima nalo, ndimapemphera nalo. Anyani alowa m'chimanga kawiri, palibe wowathamangitsa. Kunjenjemera kukayamba ndimathira. Kukaleka ndimamanganso, iye n'kumanditchula mayina amene sindinamuphunzitse, kenako n'kulira, n'kulonjeza kuti kukiliniki apita yekha ngakhale chokwawa.

Iye maso ali pachiuno panga. Ine maso ali pakamtengo kamene ndinazika m'mphepete mwa madzi kuti ndizionera ngati akutsika. M'mawa uno kamtengoko sikakuoneka. Botolo lafika pakati, ndipo kumapiri kwadanso.