Mlenje wa Jairos M'phanga la Ayezi

Masewerawo anawasiya mzungu wina amene ankaphunzitsa ku sekondale, pobwerera kwawo mu 1985: buku lothothoka chikuto, mapepala ndi dayisi imodzi. Amene anazitola ndi Fanwell, kalaliki wa pamsika wa thonje ku Katete. Fanwell anali munthu wa malamulo, uja woti ngakhale pa bawo sangakulole kubweza njere imene wagwira kale. Loweruka lililonse masana, amuna anayi a ndevu zawo ankakhala pa makatoni kuseri kwa sitolo ya Ibrahim. Aliyense anali ndi munthu wake wa papepala, wina mlenje, wina msilikali, ndipo Fanwell ndiye ankafotokoza dziko limene anthuwo ankayendamo. Ukafuna kuchita kanthu unkaponya dayisi, ndipo pamene yagwera mpomwepo.

M'bukumo munali ziwanda zonyamula mikondo ya ayezi. Anzakewo sankamvetsa kuti madzi angabaye bwanji munthu, mpaka Fanwell anawalowetsa m'sitolo, natsegula filiji ya palafini, aliyense n'kufumbata chibuma cha ayezi kufikira zala zitachita dzanzi. Anawakumbutsanso matalala aja anasakaza thonje ku Sinda. Kuyambira tsiku limenelo, abambo a ana awo aja ankaziopa ziwandazo ndithu.

Loweruka lina Jairos, kalipentala, analowetsa mlenje wake yekha m'phanga la ziwandazo. Dayisi inagwera pa dontho limodzi.

"Zakuumitsa, Jairos," anatero Fanwell, akudzimva kukoma. "Waima chiimire, sungasunthe ngakhale chala. Tionana sabata yamawa."

Onse anaseka, Jairos yemwe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri Jairos anayamba kunjenjemera ndi malungo, Lachinayi anamwalira, Lachisanu anamuika kumudzi kwawo pafupi ndi Mkaika. Fanwell anapita, ananyamula nawo bokosi, anaponya nawo dothi. Ankadikira kuti chisoni chimupeze, koma mumtima munangoti zii, ndipo zimenezo zinamuchititsa manyazi pang'ono.

Loweruka anapitabe kuseri kwa sitolo, poti miyendo inazolowera. Anzake sanabwere. Amene anabwera ndi Febby, mkazi wa malemu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Namfedwa sayenda anthu asanamete maliro, ndiye kuti anachita kuzemba. Anakhala pansi, namasula nsonga ya chitenje, n'kutulutsa pepala lopindapinda. Linali la mlenje uja. M'munsi mwake munali mawu awiri amene Fanwell analemba yekha: wauma m'phanga.

"Alamu," anatero Febby, "atate ake a Naomi akali komwe munawasiya kuja?"

Febby anayala pepalalo pa katoni, napitiriza.

"Ankandisimbira zonse akabwera kunyumba. Podwala paja ndinawafunditsa mabulangete atatu, iwo akungoti, Febby, m'phanga muno mukuzizira."

"Amake Naomi, ni gemu chabe iyi. Nthano. Mnzathu anapita ndi malungo, adokotala ananena."

"Ndikudziwa. Sindinabwere ndi mlandu ine. Pepalali akanaliona achibale, bwenzi pano tili kwa sing'anga, n'chifukwa chake ndinalibisa. Koma mawa tikumeta. Tikameta, mzimu umanyamuka kupita kwa makolo ake. Nanga munthu wouma ayenda bwanji?"

Ankalankhula mosakweza mawu, ngati akufunsa nthawi imene basi ya ku Chipata idutse. Fanwell anafuna kumuuza kuti zimenezo n'zopanda mutu. Koma akananena bwanji, iye amene kwa chaka chathunthu ankatsogolera anthu akuluakulu kukamenyana ndi ziwanda kuseri kwa sitolo? Anapisa m'thumba, natulutsa dayisi.

"Lamulo likuti munthu wina akhoza kuswa ayeziyo," anatero, pakamwa pakungoyenda pokha. "Pafunika madontho asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuponya n'kamodzi."

Febby anailandira ndi manja awiri. Anaiponya pa katoni, inagubuduka pang'ono, n'kuima. Madontho awiri.

Fanwell anawayang'ana nthawi yaitali. Chiyambire masewerawo anali asananamizepo munthu, ngakhale Ibrahim mwini malo atanyengerera chotani.

"Atuluka," anatero. "Ayezi wasweka."

"Musandinamize, alamu. Kusukulu sindinapite patali, koma ziwiri ndimazidziwa."

Anaitola, naponyanso. Dontho limodzi. Anaponyanso, atatu. Fanwell anatsegula pakamwa kuti akumbutse za lamulo, koma anatsekanso. M'sitolo munthu wina ankakangana ndi Ibrahim za sopo amene anali atasowa mwezi wonse. Pamsewu panadutsa lole ya thonje. Febby ankangoponya, kutola, kuponya, nkhope ili gwa, osapemphera, osausa moyo. Fanwell anapeza kuti akuwerenga chamumtima, ndipo sankadziwa kuti akuwerengeranji. Ulendo wachisanu ndi chinayi, dayisi inagwera pa madontho asanu ndi limodzi.

Febby sanamwetulire. Anabweza dzanja lake pachifuwa.

"Tsopano auzeni," anatero. "Ine sindidziwa kanenedwe kake. M'menemo amamvera inu."

Fanwell anatembenukira ku katoni yophwanyika pakati, imene Jairos ankakonda kukhalapo. Anakonza kukhosi. Mawu anatuluka omwe aja a Loweruka lililonse, odekha, omveka bwino.

"Jairos, ayezi wasweka. Zala zayamba kumva, miyendo yamasuka. Ziwanda zathawira m'kati, ndipo kukhomo kwa phanga kukuwala dzuwa."

Akanalekera pomwepo. Koma wofotokoza samaliza mawu ake osafunsa mwini wa munthu wa papepalayo, ndipo lilime linapitiriza lokha asanaligwire.

"Uchita chiyani tsopano?"

Awiriwo anangoti maso pa katoni, kudikira yankho.